A Wanenandani ndi Bokosi Lawo la Mabuku

Uthenga wa maliro a bambo Lazaro Sakala unandipeza ndikuswa mtedza pakhonde. Anabwera nawo ndi mkamwini wa aneba anga, yemwe anaumva m'minibasi yochokera ku Chipata. Atangomaliza kunena, pakamwa panga panatuluka funso ndisanaliganize n'komwe: "Wanena ndani?" Bamboyo anandiyang'ana ngati ndamuyesa wabodza. Ine ndinaseka, kenako ndinalira, chifukwa funso limenelo silinali langa. Linali la malemuwo. Dzina loti Lazaro linkamveka kutchalitchi kokha, kwina konse anali a Wanenandani.

Anali woyang'anira laibulale ya khonsolo pa boma la Chadiza, zaka zija za chipani chimodzi, pamene ine ndinali mphunzitsi wongoyamba kumene pasukulu ina ya kumbali ya Zingalume. Ndikati laibulale musaganize chinyumba. Kanali kachipinda kamodzi kuseri kwa maofesi, ndipo a Sakala sankakhalamo kudikira anthu. Anali ndi bokosi lachitsulo lomwe ankamanga pakaliyala ya njinga ndi malegeni, n'kumazungulira nalo masukulu a kumidzi. Bokosi limenelo ndilo linali moyo wawo. Analandidwa bokosilo mphamvu akadali nazo, ndipo ine ndinaikapo dzanja. Ndanena zimenezi poyambirira kuti pamene ndikuwayamikira musandiyese munthu wabwino kuposa mmene ndilili.

Anali munthu wamfupi, wa ndevu zowerengeka, wovala jekete imodzimodzi chilimwe ndi dzinja. Miyendo ya buluku ankaipana ndi mapegi oyanikira zovala kuti isakodwe m'tcheni, ndipo kawirikawiri ankaiwala kuwachotsa, n'kuima nawo kutsogolo kwa kalasi ngati munthu woyanikidwa. Kwathu ankafika Lachinayi, kulumpha sabata imodzi. Mtsinje ukadzaza ankayamba awolotsa bokosi pamutu n'kubwerera kukatenga njinga, ati njinga ikanyowa imauma yokha. Asanatsegule loko ankatulutsa kachidutswa ka sopo m'thumba, ana n'kufola pandowa kusamba m'manja. Ngakhale ahedi athu, a Zulu, munthu wa tayi, anasambitsidwapo.

Wina akanangotula mabukuwo muofesi ya ahedi n'kumapita. A Sakala anakana kwamtuwagalu. Ankati buku losiyidwa muofesi limawerengedwa ndi chiswe. Anapangana ndi a Zulu kuti akabwera azipatsidwa piriyodi imodzi ndi ana a giredi seveni, ndipo kalasi imeneyo inali yanga. Ntchito tinagawana motere: ine ndinkawalembera kakalata kowauza mitu imene ndidzaphunzitse masabata awiri akubwerawo, iwo n'kusankha mabuku ndi manyuzipepala ogwirizana nayo. Tsiku lakelo ine ndinkalemba funso pabolodi, iwo n'kuphunzitsa ana kusaka yankho lake. Ankakonda kunena kuti mphunzitsi amadziwa mwana, wa laibulale amadziwa buku, ndipo ngolo sikokedwa ndi ng'ombe imodzi.

Yankho lokha sankapereka, ngakhale uwagwadire. Mwana akafunsa kumene mchere umachokera, ankamuikira mabuku atatu patsogolo, iwo n'kukhala pabokosi kumasosola tindevu tawo. Anaphunzitsa ana kuyamba buku chakumapeto, kumene kuli mndandanda wa mawu ndi manambala a masamba, m'malo mopalasa buku lonse ngati nkhuku. Anawaphunzitsanso kutembenuza tsamba loyamba n'kuwerenga timalemba tating'ono tomwe aliyense amatilumpha: walemba ndani, analemba liti, anali kuti, ndipo ankalembera yani. Tsiku lina ana anapeza buku lonena kuti mbewu zimabzalidwa mu Epulo. Anaseka mpaka misozi, poti mwezi umenewo ife timakhala tikuotcha chimanga. A Sakala anawasiya aseke, kenako anawalozera dzina la mzinda wa kutsidya kwa nyanja kumene bukulo linasindikizidwa. Anawauza kuti bukulo silikunama ayi, kungoti silikulankhula ndi ife.

Mabuku awo sanali a mapepala okha. Nyuzipepala ndi wailesi masiku amenewo zinkaimba nyimbo imodzi, ndiye ankati munthu ukamva ziwirizo ukafunsenso amene analipo. Pophunzira za mitengo anatuma ana kwa a Chikuni, nkhalamba ya m'mudzi wapafupi yomwe aliyense ankadziwa kuti ndi ya gule. Pamenepo panabuka nkhani, chifukwa a Sakala anali mkulu wa mpingo, mdzukulu wa anthu oyamba kubatizidwa kumishoni. Akulu anzawo anawaitanitsa kuti afotokoze. Iwo anangofunsa kuti pakati pa onse okhala pamabenchiwo ndani angatchule mitengo ya m'phiri mwathu kuposa a Chikuni, kuti ana azipita kwa iyeyo. Palibe anaimirira. Akazi a bambo Sakala, anaBanda, anandiuzapo kuti kunyumba kunalibe mpumulo: ukati mvula ibwera mawa, umayenera kutchula amene wakuuza.

Ine ndinkakangana nawo kwambiri, ndipo sindibisa. Ndinali wachitsikana, wofuna dzina, ndipo dzina la mphunzitsi limachokera kwa ana opambana mayeso. Ana anga anayamba kundiimitsa pakati pa phunziro kuti aone chaka chimene buku la jogalafe linalembedwa. Tsiku lina ndinawatsatira a Sakala pomwe ankamanga bokosi.

"Bambo Sakala, mukundionongera ana. Mayeso a giredi seveni safunsa kuti wanena ndani. Amafuna yankho limodzi basi."

"Zoona, aphunzitsi. Nanga mayesowo akatha?"

"Akatha ndiye kuti ntchito yanga yatha."

"Ha! Yanu yatha, ya mwanayo yayamba. Mwa ana onsewa, opita kusekondale ndi angati? Otsalawo adzakhala m'mudzi muno, mapepala azidzawapeza pakhomo, a kudepoti, a kuchipatala, a kukhoti. Inu mudzakhalapo kuti muwauze yankho?"

Ndinachoka pamenepo n'kukadandaula kwa ahedi. Ndinadandaula kangapo konse, kuti mkuluyu akudya nthawi yanga ndipo ana ayamba mwano. A Zulu ankangogwedeza mutu, poti bokosilo linkapatsa sukulu yathu ulemu alendo a ku boma akabwera.

Achinyamata amene anakumba manda a bambo Sakala sabata yatha sankadziwa zonsezi. Iwo ankawadziwa ngati agogo aja amene kale ankadula matikiti pachipata cha msika, ovuta zedi, oti ukawauza kuti unalipira kale ankafuna aone kapepala. Anakhala pachipata chimenecho mpaka kupuma ntchito, pakampando kamiyendo itatu, nkhuku ndi mbuzi zikuwadutsa. Kuti munthu wa mabuku afike pamenepo, zinayamba ndi chimanga cha sukulu yathu.

Chaka chimenecho munda wa sukulu unabereka. Sukulu iliyonse inkayenera kulima, ndipo chimanga chathu chinkadyetsa ana ochokera kumidzi yakutali, omwe ankagonera pasukulu kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Vuto linali anankafumbwe. Ndiye Lachiwiri lina a Mwanza, tcheyamani wa chipani m'wadi yathu, anatulukira ndi chitini cha mankhwala a ufa wotuwa, ndi kabuku ka Chingerezi kofotokoza kathiridwe kake. Anazipeza kudepoti, ndipo kunena chilungamo anazibweretsa ndi mtima wabwino. Zolemba za pachitini zinali zitafufutika, kabukuko kanalibe chikuto, koma panali chidindo, ndipo masiku amenewo chidindo chinkatseka pakamwa pa aliyense.

A Zulu anandiuza kuti ndiwerenge kabukuko ndi ana anga, poti ndiwo adzathire mankhwalawo Lachisanu. Iwo ndi a Mwanza anaima pakhomo pa kalasi kuti aone mphatsoyo ikulandiridwa. Kabukuko kanayenda benchi ndi benchi mpaka kanafika kwa Esinati Banda, mtsikana wofatsa, mmodzi wa ogonera pasukulu. Anakatembenuza uku ndi uku, n'kukweza dzanja.

"Aphunzitsi, kabukuka kayambira patsamba lachitatu. Loyamba ndi lachiwiri ali kuti?"

"Khala pansi, Esinati," ndinatero ine.

"Koma sitikudziwa amene analemba. Ndiponso ankalembera yani?"

"Analemba ndi Boma, iwe mwana!" anakalipa a Mwanza. "Chidindocho sukuchiona? Ahedi, ndani akuphunzitsa ana kukayikira Boma pasukulu pano?"

A Zulu anangoponya maso pakona pamene tinkaika mabuku obwereka m'bokosi. Kumeneko kunali kuyankha kokwanira.

Lachinayi a Sakala atafika, ahedi anawachingamira pamtengo wa mbendera n'kuwauza kuti lero bokosi silitsegulidwa. Ine ndinawatsina khutu a Sakala za zimene zinachitika. Sanafunse za a Mwanza n'komwe, anangoti ndiwaonetse kabukuko. Ndinakatulutsa nditakabisa mu rejisitala. Anayang'ana pansi pa tsamba, pamene panali kanambala kakang'ono komwe ine sindinakaone, n'kukalemba pachikhatho ndi bolopeni. Anati ofesi ya zaulimi imawapatsa kabuku kalikonse kakatuluka, ndipo iwo amatunga timabukuto pachingwe motsata manambala n'kutikoloweka pamisomali mulaibulale.

"Musathire kaye, aphunzitsi, mpaka ndibwere."

"Ine sindine ahedi, bambo."

Anandiyang'ana pang'ono, anasiya bokosi m'nyumba mwanga kuti njinga ipepuke, n'kubwerera ku boma osalawa ngakhale madzi.

Lachisanu m'mawa makolo anabwera kudzathandiza kutonola chimanga, a Mwanza ali pampando pamthunzi kuyang'anira. Ndinawauza a Zulu chapansipansi kuti tidikire, iwo anandifunsa ngati ndingapite ndekha kukawauza a tcheyamani zimenezo. Sindinapite. Tinathira matumba awiri. Dzuwa litakwera tinaona njinga ziwiri zikubwera, a Sakala patsogolo jekete ili chonyowa ndi thukuta, mlangizi wa zaulimi pambuyo akupuma ngati wothamangitsidwa. A Sakala sanapereke moni kwa aliyense. Anatulutsa kabuku kathunthu m'thumba n'kuitana.

"Esinati! Unafunsa ndiwe. Bwera udzawerenge wekha yankho lako. Kweza mawu."

Mtsikanayo anawerenga tsamba loyamba m'Chingerezi, kenako anamasulira. Mankhwalawo anali osungira mbewu yobzala. Chimanga chothiridwa mankhwala amenewo sichinkayenera kudyedwa ndi munthu, ngakhale nkhuku. Mlangizi anasuzumira m'chitini, anafanizira timabuku tiwirito, n'kuvomereza. Mayi wina, yemwe mwana wake ankagonera pasukulu, anaponya lichero pansi n'kugwira kumutu. Ana amene anasakaniza anathamangitsidwira kuchitsime ndi sopo. Ndiye a Chikuni, omwe ankatonola chimanga chapatali, ananena mosakweza mawu kuti safunsa anadya phula. Anthu anaphulika kuseka, ndipo aliyense ankadziwa amene akusekedwa. Matumba awiriwo tinawalemba mtanda wofiira n'kuwasungira mbewu. Palibe mwana anadyako.

Pamenepo ndi pamene a Sakala analakwitsa, ngati kunali kulakwitsa. Akanawakokera a Mwanza kuseri kwa nkhokwe n'kuwanong'oneza, a tcheyamani akanalengeza okha ngati nzeru zawo, nkhani ikanathera pomwepo. Munthu wamkulu sayalutsidwa pamaso pa amayi ndi ana, zimenezo aliyense wa kwathu amazidziwa. Ndinawauza choncho pamene ankamanganso bokosi lawo.

"Funso linafunsidwa pagulu, aphunzitsi," anatero akukoka legeni. "Mwanayo anakalipiridwa pagulu. Ndikanong'oneza, anzake onse aja aphunzira chiyani? Kuti kufunsa ndi mwano. Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikupalasa njinga pachabe."

Patatha sabata ndinaitanidwa muofesi. Ndinapeza a Mwanza ndi a Zulu, pepala loyera lili patebulo. Ankafuna kalata yopita kwa akuluakulu a khonsolo. Za mankhwala zisatchulidwemo ayi, koma kuti mkulu wa laibulale akusokoneza maphunziro, akuphunzitsa ana kuderera atsogoleri, ndipo amawatuma kwa anthu a gule. Chingerezi cha a Zulu chinali cha pakamwa, cholemba chinkawavuta, pamene ine dzanja langa linali lotchuka.

"Si inu munkadandaula, aphunzitsi?" anatero a Zulu, osandiyang'ana. "Lembani zomwe munkanena zija."

Ndinali ndisanakhazikitsidwe pantchito, ndili ndi mwana wakhanda kumsana, ndipo mawu amodzi a tcheyamani akanatha kunditaya kusukulu ya kumalire kumene kulibe ngakhale chitsime. Zifukwa zimenezi ndakhala ndikudziwerengera kwa zaka zambiri, ndipo sizinandikhutitsepo. Ndinalemba. Mawu anabwera mosavuta, poti ambiri anali angadi. Anasaina ndi awiriwo, dzina langa silinalembedwepo. Mwezi usanathe a Sakala anasamutsidwira kumsika, bokosi linatsekeredwa m'sitolo ya khonsolo, ndipo kiyi wa laibulale anapatsidwa kalaliki wina yemwe ankatsegula akakumbukira. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu.

Lachinayi lotsatira ana anga ankangoyang'ana kumsewu. Ndinawauza kuti njinga ya a Sakala yawonongeka. Esinati anandiyang'ana, koma ulendo uno sanakweze dzanja, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa funso lililonse.

Kwa chaka chathunthu ndikapita ku boma ndinkalambalala chipata cha msika. Tsiku limene ndinalephera kuzemba, anandiona ndili patali n'kuimirira pakampando kawo. Anandipatsa moni ndi manja awiri, anafunsa za mwana wanga, anafunsa ngati Esinati anapambana mayeso. Nditawauza kuti wasankhidwa kupita kusekondale anaomba m'manja ngati ndi mwana wawo. Kenako anatulutsa pansi pa kampandoko mpukutu wa manyuzipepala akale, omwe ankapempha kwa ogulitsa asanakulungire nsomba, n'kunena kuti ndikapatse ana anga. Anachita zimenezo nthawi iliyonse ndikadutsa, mpaka ndinasamuka ku Zingalume.

Ndinkadzinamiza kuti sakudziwa. Koma kalata ija a khonsolo anawaonetsa tsiku limene anawasamutsa, anandiuza ndi anaBanda patapita zaka. Munthu amene analandira tikalata tanga masabata awiri alionse kwa zaka zitatu, amene moyo wake wonse unali kuona amene walemba pepala, sakanalephera kuzindikira dzanja langa. Ankadziwa. Anafunsa akulu a mpingo, anafunsa a tcheyamani, anafunsa akazi awo za mvula, koma ine sanandifunse. Ndinkati ndidzawauza ndekha ndikadzapuma ntchito. Nditapuma ndinati ndidikire akhaleko bwino, poti anali atayamba kudwaladwala. Ndine munthu wamantha, ndipo ndazidziwa mochedwa.

Kumaliro kunabwera anthu ambiri, a mpingo ndi a kumidzi omwe. Esinati anachokera ku Chipata, kumene wagwira ntchito ya unamwino mpaka kumera imvi. Titachoka kumanda anakhala nane pamphasa, tikukumbutsana za mapegi ndi sopo, tikuseka monga amachitira anthu pamaliro a nkhalamba. Kenako anandifunsa, mofatsa ngati kale lija.

"Koma aphunzitsi, chinachitika n'chiyani kuti bokosi lija lileke kubwera? Ife munatiuza za njinga."

"Panalembedwa kalata, mwanangu. Analamula ndi ena, koma ndinalemba ndine."

Esinati anaimirira. Anakonza chitenje chake n'kupita kukathandiza amayi kutsuka mbale.

M'mawa mwake, ndisanakwere minibasi, ndinazungulira kuseri kwa maofesi a khonsolo. Kachipinda kaja kakadalipo. Pachitseko pali loko wadzimbiri, ndipo mlonda anati kiyi wake sakudziwa amene amasunga. Ndinapukuta galasi la pazenera ndi nsonga ya chitenje n'kusuzumira. Muli mipando yothyoka yowunjikidwa mpaka kudenga, matayala akale, ndi wilibala yopanda gudumu. Pakhoma pali mizere yotuwa pamene panatsamira mashelefu, ndi misomali yondondozana yopanda chokolowekapo, umodzi mavu atamangapo chisa. Ndinaima pamenepo ndi mawu anga onse, okonzedwa bwino kwa zaka makumi anayi, koma m'katimo munalibe ngakhale mpando umodzi wathunthu woti munthu akhalepo n'kundimvera.